Mayi Nkhanga Agawa Mtedza

Padangokhala, ndipo inu muzivomera muli pomwepo kuti tili tonse. Padali mabanja anayi amene ankalima munda umodzi wa mtedza: banja la a Kamba, la a Bongololo, la a Pusi ndi la mayi Nkhanga. Kapitawo wa mundawo adali a Kamba, chifukwa adali akulu ndiponso sankapsa mtima msanga. Kunena zoona, palibe chimene a Kamba ankachita msanga.

Mabanjawa adali ndi mwambo wawo. Mtedza ukauma ankauswa pamodzi kwa masiku atatu, ndipo tsiku lililonse ankagawana umene aswa tsikulo. Ntchito yogawa inkayenda khomo ndi khomo, chaka chino awa, chaka chamawa awo. Lamulo lake lidali limodzi lokha, lakuti wogawa amatenga pomaliza. Akuluakulu adaliika dala kuti munthu asamadzikondere. Tsono chizolowezi chidali chakuti wogawayo ayambe wayeza mtedza wonse ndi chikho, anene kuti banja lililonse lilandira zikho zingati, apatse anzake atatuwo, iye n'kutenga zotsala m'dengu.

Tsiku lachitatu ndilo lidali lalikulu. Ndi pamene ankagawana mtedza wa njere zikuluzikulu, wosungira mbewu. Banja limene lalephera kubweretsa mbewu mvula ikagwa silinkalima nawo m'mundamo chaka chimenecho.

Chaka china ntchito yogawa idagwera mayi Nkhanga. Mayiwa adali ndi ana asanu ndi awiri, ndipo ankawalera okha, pakuti amuna awo adakodwa mu msampha dzinja lapitalo. M'nyumba mudalibe mbewu ina iliyonse. Akalakwitsa pogawa, ndiye kuti malo awo m'mundamo atha.

Vuto lidali lakuti mayi Nkhanga ankaopa masamu kuposa mmene ankaopera mphamba. Manthawo adayamba ali kamtsikana, ku sukulu ya a Khwangwala. Tsiku lina aphunzitsiwo adaitana Bongololo, amene adali m'kalasi yomweyo, n'kumugoneka kutsogolo, n'kuuza Nkhanga kuti awerenge miyendo yake. Nkhanga adayamba bwinobwino. Koma akangokhudza mwendo, Bongololo ankamva kugirigisha n'kudzipinda ngati nkhata. Akatambasuka, Nkhanga ankayambiranso pa mwendo woyamba. Belu lidalira asanapitirire miyendo isanu ndi inayi, ndipo kalasi yonse idaseka mpaka ena kugwa pa mabenchi. Kuyambira tsiku limenelo, wina akangofunsa kuti zingati, m'mutu mwa Nkhanga munkalira njuchi, ndipo yankho lake lidali limodzi, lakuti kaya.

A Pusi ankazidziwa zonsezi, popeza tsiku lija adali pa benchi lakumbuyo.

Tsiku loyamba adaswa mtedza kuyambira m'mawa, ndipo dzuwa litapendeka dengu lidadzaza. A Kamba adapereka chikho kwa mayi Nkhanga. A Pusi adasendera pafupi. Iwo ankatchula mayi Nkhanga kuti alamu, ngakhale palibe ankakumbukira kuti chilamucho chidayambira pati.

"Alamu, inu muzingotunga n'kumathira pa mphasa," adatero a Pusi. "Zowerenga mundisiyire ine. Chibale n'chiyani ngati sitithandizana?"

Mayi Nkhanga adathokoza ndi mtima wonse. Adayamba kutunga, a Pusi n'kumawerenga mokweza. Chimodzi, ziwiri, zitatu. Pa chikho chotsatira a Pusi adatsokomola, ndipo chifuwacho chitatha adati zisanu. Patsogolo pang'ono adayetsemula, nambala ina n'kulumphidwa. Kenaka adapereka moni kwa munthu wodutsa m'njira amene palibe wina adamuona. Pomaliza adadzikanda m'khwapa kwa nthawi yaitali. A Kamba adali akuwodzera, a Bongololo adali akusesa makoko, ndipo mayi Nkhanga sankamva chilichonse koma njuchi zawo zija. Zikho zidalipo khumi ndi zisanu n'chimodzi, koma a Pusi adalengeza makumi awiri.

"Makumi awiri, mabanja anayi, ndiye kuti zisanu zisanu," adatero.

Adabweza mtedza m'dengu, ndipo mayi Nkhanga adapatsa a Kamba zisanu, a Bongololo zisanu, a Pusi zisanu. Atasuzumira m'dengumo adapeza mwatsala chikho chimodzi chokha.

A Pusi adapukusa mutu mwachisoni. Adati masamu salakwa, mwina dzanja la alamu ndi lolemera potunga. Mayi Nkhanga adavomera kuti n'kutheka ndithu, chifukwa mutu wawo adaudziwa kalekale. Adanyamula chikho chimodzicho n'kupita kwawo.

Kunyumba adakhazika ana mozungulira n'kuyamba kuwadyetsa monga ankachitira masiku onse, ndi nyimbo. Nyimboyo idali yosavuta. Inkatchula dzina la mwana n'kumufunsa ngati m'kamwa mwake mulibe kanthu. Mwanayo ankavomera motalikitsa mawu, pakamwa pali yasa, kuti mayi aone kuti za poyamba wameza. Akatero ankalandira njere yake, nyimbo n'kupita kwa wotsatira. Mwana wosavomera sankalandira, kuopa kutsamwa. Ikafika kwa chitsirizira, onse ankaimbira limodzi mawu ofunsa ngati pali wina waiwalika, ndipo apo mpomwe mayi ankadya njere yawo, nyimbo n'kuyambiranso kwa woyamba.

Ali mkati moimba, a Bongololo adafika ndi kansengwa ka mtedza. Adati akazi awo akudandaula kuti mtsuko wosungiramo wachepa, ndiye awathandize kuchepetsako. Sadakhale pansi n'komwe, ndipo sadayang'ane kuti m'mbale ya ana muli zochuluka bwanji.

Tsiku lachiwiri a Bongololo adati makoko adzasesa pambuyo pake, akufuna kumvetsera kuwerengako. A Pusi adati zimenezo ndi zabwino kwambiri, chifukwa mboni zikachuluka choona chimakoma. Adawerenga pang'onopang'ono, momveka, osatsokomola, osayetsemula, ngati akuwerenga mawu m'tchalitchi. Zikho zidakwana makumi awiri enieni. A Bongololo adavomereza kuti amva bwino. Zisanu zisanu.

Pamene ankabweza mtedza m'dengu, a Pusi adabwerera cham'mbuyo ngati akupatsa anzawo malo, n'kukhalira chikho chija. Chidaphwanyika pomwepo. Adapepesa kwambiri, adadziguguda pa chifuwa, n'kuthamangira kwawo kukatenga chawo.

Mayi Nkhanga atachilandira adaona kuti chikulemera mwachilendo. Adafunsa chapansipansi ngati sichidakulirepo pang'ono.

"Chikho ndi chikho, alamu," adayankha a Pusi. "Zisanu ndi zisanu basi. Kapena mukufuna tiyambe kuchulukitsa kukamwa kwa chikhochi ndi kuya kwake?"

Atangomva mawu akuti kuchulukitsa, njuchi zidadzuka zonse. Mayi Nkhanga adati ayi, zisafike kumeneko. Maso a Bongololo saona patali, ndipo a Kamba adali atabweza mutu m'chigoba. Atatuwo atalandira zisanu zisanu za chikho chachikulucho, m'dengu mudatsala njere zongobisa pansi.

Tsiku limenelo mayi Nkhanga adafika kwawo atatsimikiza mtima. Mawa adzatumiza uthenga wakuti adwala, ndipo a Pusi agawe okha. Bola kusowa mbewu kusiyana n'kusekedwanso. Adakhazika ana n'kuyamba nyimbo ija, koma mawu awo adali otsika.

A Bongololo adafikanso, ulendo uno opanda kansengwa. Adakhala pambali n'kumaonerera mpaka mbale idatha. Kenaka mayi Nkhanga adawauza zimene aganiza. A Bongololo sadatsutse. Adangoti pali kanthu kamene akhala akufuna kunena kwa zaka zambiri.

"Miyendo ija, achemwali," adatero, "ine mwini wake mpaka lero sindidziwa kuti ilipo ingati. A Khwangwala nawonso sankadziwa. Ndidawafunsa titatuluka panja, iwo n'kundiuza kuti ndisamafunse akuluakulu zinthu zopanda pake."

Mayi Nkhanga adaseka pang'ono, koyamba pa masiku awiriwo.

A Bongololo adapitiriza kuti pamene ana ankadya, iwo amawerenga chamumtima, ndipo mwana aliyense walandira njere zofanana ndendende ndi mnzake. Adafunsa kuti zatheka bwanji.

"Amenewo si masamu," adatero mayi Nkhanga. "Ndimangozungulira."

"Nanga a Khwangwala aja akadabwera kudzagawira anawa, akadapeza yankho lina?"

Mayi Nkhanga adaganiza, n'kunena kuti mwina ayi, kupatula kuti chitsirizira akadawajompha. A Bongololo adatsanzika. Pochoka adangotchulako kuti lamulo la makolo limati wogawa atenge pomaliza, koma iwo sadamvepo kuti limaletsa kuzungulira.

Tsiku lachitatu mtedza udali wosankhika, njere zake zonenepa, dengu lodzaza mpaka pamwamba. A Pusi adafika msanga atakonzekera kale. Koma asanatsegule pakamwa, mayi Nkhanga adagwada kwa a Kamba n'kupempha kuti lero asayambe n'kuyeza. Adati akufuna kuthira chikho chimodzi kwa a Kamba, chimodzi kwa a Bongololo, chimodzi kwa a Pusi, chimodzi kwa iwo eni pomaliza, n'kumazungulira choncho mpaka dengu lithe. Adawonjeza mwamanyazi kuti sangathe popanda kuimba, ndipo mwini dzina azivomera, apo ayi chikho sichitsanulidwa.

A Pusi adati zimenezo ndi zachibwana, anthu ophunzira sagawa choncho, ndiponso mudzi woyandikana nawo ukamva udzawaseka. A Kamba adatulutsa mutu wonse. Adaganiza nthawi yaitali kwambiri moti ena adayesa kuti agonanso.

"Atenga pomaliza?" adafunsa.

"Pomaliza, achikulire."

"Ndiye agawe."

A Pusi adaona kuti chifuwa sichigwira ntchito lero, ndiponso chikho chachikulu n'chopanda phindu ngati aliyense akulandira ndi chomwecho. Koma nzeru sizidawathere. Adati popeza uwu ndi mtedza wa mbewu, pafunika wina akhale pafupi ndi dengu kuti azichotsa njere zowola. Adadzipereka okha kugwira ntchito yotopetsayo. Adakhala pansi chotembenukira dengu, dzanja lina likusankha zowola zenizeni n'kumaziponya poonekera, dzanja lina likusankha zonenepa n'kumaziponya m'kamwa. Masaya a Pusi ali ndi matumba mkati, ndipo ankaganiza zokakhuthula akafika kwawo.

Mayi Nkhanga adayamba nyimbo. Idatchula a Kamba n'kuwafunsa ngati m'kamwa mwawo mulibe kanthu. A Kamba adavomera mochedwa ndi mawu a besi, n'kulandira chikho chawo. Idatchula a Bongololo, iwo n'kuvomera akugwedeza miyendo ya mbali imodzi. Idatchula a Pusi, iwo n'kuvomera msangamsanga osatembenuka. Kenaka onse adafunsa ngati pali wina waiwalika, mayi Nkhanga n'kudzithirira chawo.

Ulendo wachiwiri a Pusi adavomerabe, ngakhale mawu awo adamveka ngati akuchokera m'mtsuko. Ulendo wachitatu masaya adali atatupa ngati maungu awiri. Nyimbo itawatchula, adangoti mm.

A Bongololo adati iwo sadamve kanthu. A Pusi adaloza tsaya n'kukwinya nkhope, kusonyeza kuti dzino lawagwira. Mayi Nkhanga adawamvera chisoni. Adati dzino ndi loopsa, angathe kudikira pang'ono. Adabwereza dzinalo kachiwiri, mofatsa. A Pusi adatinso mm. Pamenepo mayi Nkhanga adatsanulira chikho chija pansi pa phiko lawo, nyimbo n'kupitirira.

A Pusi adaona mtedza wawo ukulowa m'phikomo, maso n'kutuluka. Adayesa kumeza, koma njere zidali zambiri. Adayesa kutafuna, koma mano adalibe poyenda. Ulendo wachinayi udafika, nyimbo idawatchula, iwo n'kukweza manja onse awiri ngati kuvomera kwa manja kungathandize. Chikho chachiwiri chidalowa pansi pa phiko.

Tsono a Pusi masamu ankawadziwadi. Adawerenga chamumtima kuti zonse zimene zili m'masayamo sizingadzaze theka la chikho, pamene ulendo uliwonse akutaya chikho chathunthu. Adawerenga kawiri, yankho n'kukhala lomwelo.

Ulendo wachisanu nyimbo itangofika pa dzina lawo, adatsegula pakamwa n'kuvomera. Njere zidauluka n'kukagwa pa chigoba cha a Kamba ngati matalala pa denga la malata. Zina zidagubuduka mpaka pa miyendo ya a Bongololo. A Kamba adayang'ana njerezo, n'kuyang'ana masaya amene adali ataphwa, n'kufunsa ngati dzino lija lapola.

A Pusi adati likupezako bwino.

Mayi Nkhanga adawathirira chikho chawo, popeza adavomera ndipo m'kamwa mudalibedi kanthu. Adazungulira ulendo wachisanu ndi chimodzi, dengu n'kutha pa chikho chawo chomaliza, chodzaza bwino ngati za anzawo. Njere zonyowa zija a Bongololo adazisesera kwa eni ake.

A Pusi adayang'ana mulu wawo, n'kuyang'ana ya anzawo. Adanena ndi mawu ang'onoang'ono kuti wawo waperewera.

"Waperewera zingati?" adafunsa a Kamba.

Funsolo lidali lopita kwa a Pusi, koma adayankha ndi mayi Nkhanga, ali kalikiliki kumanga mtedza wawo m'chitenje. "Ziwiri. Ife tonse tili ndi zisanu n'chimodzi, iwo zinayi."

Atatero adaima. Adapendeketsa mutu n'kumvetsera mkati mwake. Mudali zii, njuchi zija osamvekanso. A Bongololo adayang'ana kumbali ngati sadaone kanthu.

Kenaka mayi Nkhanga adakweza phiko. Pansi pake padali timilu tiwiri, tosasakanizana ndi mtedza wawo. A Kamba, amene tsopano adali atamvetsa za chifuwa chija ndi za chikho chophwanyika, adati timiluto tikhale ta mayi Nkhanga, chifukwa cha masiku awiri apitawo.

"Uwu ndi wa mbewu, achikulire," adatero mayi Nkhanga. "Ana a Pusi sadatsokomole nawo."

Adakankhira timiluto kwa a Pusi. A Kamba adati chabwino, koma mtedza wakudya wa masiku awiri aja ubwere wonse pa mphasa mawa, ugawidwenso mozungulira. Adakumbutsanso kuti malinga ndi makomo, wogawa wa chaka chamawa ndi a Pusi, ndipo adzatenga pomaliza. Adati iwo a Kamba tsiku limenelo adzagona mokwanira usana usanafike, kuti adzakhale maso.

Mayi Nkhanga adasenza mbewu yawo, zikho zisanu n'chimodzi, n'kuyamba ulendo wa kwawo. Asanapite patali adamva mapazi m'mbuyo. Adali a Pusi, atanyamula mtedza wawo m'manja onse awiri. Adayenda nawo kanthawi. Adayamba za nyengo, kuti mvula ikhoza kufulumira chaka chino. Kenaka adatsitsa mawu.

"Alamu, nyimbo ija imayamba bwanji?"

Mayi Nkhanga adatula katundu wawo m'mbali mwa njira n'kuwaphunzitsa. Adayenera kubwereza katatu, chifukwa a Pusi ankafulumira kufika pa dzina lawo.

Yanga yathera m'dengu lopanda kanthu. Amene ali ndi mtedza m'masaya ameze kaye asanavomere.